Mchenga Wathu Wakwera Sitima

Lolemba lapitali ndinapalasa njinga kuchoka pa siteshoni ya Salima kupita ku Senga Bay, botolo lopanda kanthu lili m'thumba la jekete. Ndinkafuna palafini.

Kunyumba kwanga nyali yatha masabata atatu osayaka. Mayi a kunyumba atopa ndi kutunga nsatsi pa kamtengo n'kumayatsa ngati nthawi ya makolo. M'sitolo zonse za amwenye yankho ndi limodzi: "Palibe, bambo. Ngalande ya ku Iguputo yatsekedwa, sitima za mafuta zikuzungulira kutali." Ngalande imeneyi ine sindinaionepo, inunso awerengi ndikhulupirira simunaionepo. Koma tonse tikupapasa machesi m'nyumba zathu chifukwa cha iyo.

Choncho wina atandinong'oneza kuti kunyanja kuli munthu amene wabisa chitini chathunthu, sindinazengereze.

Palafiniyo sindinamupeze. Ndinakapeza mlandu wina, ndipo mpaka lero chakudya sichikundikomera.

Amene mumawerenga danga lino sabata ndi sabata mukudziwa kuti ndine kalaliki wa katundu pa siteshoni. Chilichonse chokwera sitima ya ku Limbe chimayamba chadutsa pa sikelo yanga: thonje, mtedza, mpunga, nsomba zouma. Mwa anthu a nsombawo, amene ndawadziwa nthawi yaitali ndi Abiti Mussa a ku Senga Bay. Ndi mayi wamasiye, wamfupi, wa mawu olasa. Amagula usipa kwa asodzi, n'kuyanika okha, n'kutumiza ku Limbe m'madengu akuluakulu. Ana awo anayi akula ndi usipa umenewu, ndipo ine madengu awo ndimawazindikira ndisanawerenge dzina, chifukwa cha kamangidwe kake.

Pamene amayanika nsomba zawo pali chinthu chimene alendo ambiri sachiona. Gombe lonse ndi la mchenga woyera, koma pamalo pawopo pali mzere wautali wa mchenga wakuda bii, ngati makala osinja. Dzuwa likangowala pang'ono, mchenga umenewu umatentha moti sungaupondenso wopanda nsapato. M'dzinja ngati lino, pamene dzuwa limangosuzumira n'kubisalanso, ndi pokhapo pamene usipa ungaume usanayambe kununkha. Amayi a pamenepo anapaphunzira kwa amayi awo. Mathandala awo anawaimika pomwepo, ndipo nsomba zikachuluka amazimwaza pamchenga penipenipo.

Nditafika ndinaona chigulu cha anthu chitazungulira malowo. Pakati pa mathandala panali patakhomedwa zikhomo zopaka utoto wofiira. Ndipo panali mzungu, wamtali, wachinyamata ndithu, khosi litapsa ndi dzuwa, atakoleka kabokosi paphewa. Kuchokera m'kabokosimo munatuluka chingwe, ndipo kumapeto kwa chingwecho kunali kachitsulo kangati muvi wopanda nsonga. Akaloza kachitsuloko pamchenga woyera, kabokosi kankangoti ke, patapita nthawi ke. Akaloza pamchenga wakuda, kankathetheka ngati chimanga chokazinga m'phale.

Womasulira wake anali gone m'tenti ndi malungo. Mzunguyo ankalankhula ndi manja, anthu n'kumangomuyang'ana.

"A Kalaliki afika!" anatero wina. "Amenewa Chingerezi amachimwa ngati madzi."

Ndisaname, mawu amenewa anandikoma. Ndinatsamiritsa njinga pamtengo, n'kukonza jekete, n'kulowa pakati.

Mzungu uja anandionetsa kalata yokhala ndi chidindo, kenaka anati ndiwauze anthuwo kuti pofika m'mawa mwake achotse nsomba ndi mathandala onse amene anali pakati pa zikhomo zofiira. Ankafuna kukumba maenje. Anati ndi ntchito ya masiku ochepa chabe.

Ndinamasulira. Abiti Mussa anamanga nsalu yawo m'chiuno n'kuyandikira.

"A Kalaliki, tawafunsani bwanawa. Ataya chiyani mumchenga muno, kuti tiwathandize kufuna?"

Anthu anaseka. Mzunguyo nayenso anamwetulira nditamuuza, ndipo anafotokoza moleza mtima, monga munthu wokonda ntchito yake. Anati mumchenga wakuda ngati uwu nthawi zina mumapezeka tinthu tamphamvu koposa. Kwawo ku Mangalande anzeru apeza njira yotulutsira magetsi mu tinthu totere, popanda malasha, popanda mafuta. Anati tsiku likubwera loti mzinda wonse udzawale usiku wonse ndi kamtolo koti munthu mmodzi angathe kusenza.

"Mashallah," anatero Abiti Mussa. "Ndiye kuwalako kudzafika kuno?"

Ndinafunsa. Mzunguyo anayang'ana nyumba zaudzu, anayang'ana mabwato, n'kunena kuti zimenezo ndi za m'tsogolo.

Pambali pa bwato lina panali patakhala Che Jafali, mlongo wawo wa Abiti Mussa, akusoka khoka. Bambo ameneyu anapita kunkhondo ku Burma, n'kubwerako ndi khutu limodzi logontha ndi chikhoti chimene amachivalabe ngakhale kutenthe. Salankhulalankhula. Koma apa anaika pansi singano yake.

"Tawafunsani," anatero, "ngati ali mankhwala omwe aja anapsereza mizinda ya Ajapani ife tili kutchire."

Nditamasulira, kumwetulira kuja kunatha. Mzunguyo anati si omwewo ndendende, koma ndi pachibale.

Ndiyeno anayamba kulankhula ngati munthu amene wasunga nkhani pakhosi nthawi yaitali. Mwina anali atasowa womumvera, poti anali atatha masabata m'tenti. Anati bomba la atomu Amereka ali nalo, Arasha ali nalo. Anati Angerezi anathandiza Amereka kulipanga nkhondo ili mkati, koma nkhondo itatha Amereka anawatsekera chitseko, n'kukana kuwagawira nzeru zake, mpaka Angerezi anachita kupanga lawo paokha. Anati posachedwapa pamene Angerezi ndi Afalansa anapita kukalanda ngalande ija, Amereka omwewo, abwenzi awo, anawauza kuti abwerere kwawo, ndipo anabwereradi mitu ili pansi, mafuta n'kusowa m'dziko mwawo. Choncho, iye anati, dziko lake liyenera kukhala ndi magetsi osadikira sitima ya munthu, ndi mabomba osapempha kwa bwenzi. Afalansa nawonso akusakasaka lawo.

"Auzeni kuti zonsezi ndi chitetezo cha tonsefe," anamaliza motero, "iwonso ali momwemo."

Ndinamasulira zonse, osasiyapo kanthu. Mawu a mzungu ndinawasenza bwinobwino ngati mazira.

Abiti Mussa anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anandigwira pamkono.

"Tsopano muwauze chonchi, a Kalaliki, ndipo musachotsepo liwu. Ngati iwo ndi anzawowo sakhulupirirana, mpaka aliyense kugona ndi moto kunsi kwa mphasa, amenewo si abwenzi. Ndipo munthu wobwera kudzatapa dothi la pakhomo pa mnzake kuti akapangire chophera anthu, kwathu kuno sitimutcha bwana. Timamutcha mfiti."

Maso onse anali pa ine.

Ndinatembenukira kwa mzungu uja, ndipo ndi Chingerezi changa chosalala ndinati: "Mayiwa akuda nkhawa ndi nsomba zawo, bwana. Akupempha ngati mungawapatse masiku awiri."

Iye anapukusa mutu mwaulemu, nati pepani, galimoto yake ikuyembekezeka kwina sabata yamawa. Ndinawauza anthuwo kuti bwana wamva koma wakana. Ndinakwera njinga yanga, botolo lili lopanda kanthu, n'kubwerera ku Salima.

Mundifunsa kuti ndinachitiranji zimenezi. Ndadzifunsa ndekha njira yonse. Ndinaganiza za bwana wanga wa pa siteshoni, amenenso ndi mzungu, ndipo amamwera tiyi pamodzi ndi azungu onse odutsa kuno. Ndinaganiza za nyumba ya kampani imene ndimakhalamo. Koma choona chenicheni n'chakuti sindinaganize n'komwe. Lilime linangochita lokha zimene linazolowera kuyambira tili kusukulu ya mishoni: mawu otsika kuchokera kumwamba uwapereke athunthu, mawu okwera kuchokera pansi uyambe wawapeta, uchotse mankhusu ndi timiyala.

Ndisanapitirize ndi manyazi angawa, ndiloleni ndikwiye kaye, chifukwa pali zokwiyitsa.

Akuti chitetezo cha tonsefe. Tonsefe ndani? Mrasha anayamba wabwera pa Khombedza kudzalanda mbuzi ya munthu? Amayi a ku Chitala akamalima chimanga chawo amayang'ana kumwamba kuopa ndege za ku Moscow? Adani amenewa si athu. Sitinawaputepo, sitikudziwa n'chomwe anayambanirana. Koma akafuna asilikali, ndife abale. Akafuna thonje, ndife abale. Lero akufuna mchenga, ndiye tasandukanso abale.

Akuluakulu anati ubwenzi wa nkhwangwa umakoma pokwera. Pokwera mumtengo nkhwangwa umaikoleka paphewa, kuisamala ngati mwana. Ukatha kudula nthambi umangoiponya pansi, iwe n'kutsika bwinobwino. Funsani Che Jafali ndi anzawo amene anagona m'matope a ku Burma kuti anatsika bwanji mumtengo umenewo.

Chimene chandidabwitsa n'chakuti azunguwo amachitirananso okhaokha zomwezo. Mngerezi anali nkhwangwa ya Mmereka, lero akulira kuti waponyedwa pansi. Ndiye m'malo moti aphunzirepo kuti kuponyedwa kumapweteka, wathamangira kuno kudzatola ife.

Taganizirani mudzi umene amuna anayi amphamvu amangira nyumba zawo moyandikana, madenga audzu akukhudzana. Mmodzi wasunga chitini cha petulo ndi machesi, akuti n'cholinga choti pasapezeke womuputa. Wachiwiri poona zimenezo wasunga chake. Wachitatu, amene amadya mbale imodzi ndi woyamba uja, akuti iyenso sangagone tulo popanda chake, chifukwa mnzakeyo sadziwika mawa adzadzuka bwanji. Wachinayi ali pakalikiliki kufuna chake. Onsewo akulumbira kuti sadzayatsa. Inu mungagone m'mudzi umenewo? Nanga mungautche mudzi wotetezedwa?

Ife nyumba zathu ndi tizisakasa ta kumapeto kwa mudziwo. Petulo tilibe, machesi tilibe, ngakhale palafini wa nyali tilibe. Koma moto ukabuka sufunsa kuti mwini chitini ndani.

Ndipo onani kumene amayesera zida zawozo. Timawerenga m'nyuzipepala kuti bomba laphulitsidwa kuchipululu chakutichakuti, kuzilumba zakutizakuti, kutali ndi kwawo. Akuti kumeneko kulibe anthu. Ine mawu akuti "kulibe anthu" ndimawaopa, chifukwa mzungu uja atayang'ana gombe la Abiti Mussa, pamene panali amayi makumimakumi ndi nsomba zawo, anaonapo mchenga wokhawokha. Ngati chinthucho n'chabwino chotere, bwanji osachiyesera kuseri kwa nyumba zawo?

Abale athu obwera kuchokera ku Halale akutiuzanso za chidziwe chimene akumanga pa Zambezi kuti migodi ipeze magetsi. Akuti anthu a m'chigwa chimenecho akusamutsidwa, kusiya minda ndi manda a makolo awo kuti madzi amize. Magetsi akewo adzadutsa pamwamba pa mitu yawo pa nthambo, kupita kwa eni ake. Chitaganyachi, chimene boma linatilumikiza nacho ndi maiko a kumeneko, anatiuza kuti n'chotukula tonse. Paliponse pamene pakumveka mawu akuti "tonse," yang'anani bwino, mupeza wina akusenza mphasa yake kusamuka.

Sindikunena kuti magetsi ndi oipa. Ine amene ndikulemba izi ndi kuwala kwa nsatsi ndingawakane bwanji? Ndikunena kuti munthu akabwera kudzatenga chako, ayambe wakhala pansi, akuuze chimene akufuna kukachita nacho, amve yankho lako, ndipo yankholo likhale ndi mphamvu yomubweza. Kalata ya chidindo ija inalembedwa kutali, ndi anthu amene sanayambe anunkhizapo usipa wovunda. Palibe anabwera kudzafunsa kuti mwezi uno pagombe pamakhala chiyani.

Apa ndi pamene mlandu ukubwerera kwa ine, ndi kwa ena a inu amene mukuwerenga. Pakuti ndani amawerenga nyuzipepala m'dziko muno? Ndi ife akalaliki, aphunzitsi, amesenjala, omasulira a m'makhoti. Ndife mlatho umene mawu amawolokera. Azungu akamalemba m'mabuku awo kuti anthu a kuno ndi ofatsa, sadandaula, amangopempha masiku awiri, anazimva kwa yani? Anazimva kwa ife. Mayi wa kumudzi amalankhula moto, ife n'kukapereka phulusa. Kenaka timakhala m'nyumba zathu n'kumadandaula kuti boma silimva.

Limva bwanji zimene sitinanene?

Lachiwiri ndi Lachitatu kunagwa mvula ya mvumbi. Ndili mu ofesi ndinkangoyang'ana kum'mawa.

Loweruka m'mawa, tsiku la sitima, Abiti Mussa anafika pa siteshoni pamodzi ndi Che Jafali. Masiku onse madengu awo amadzaza ngolo. Tsikuli anatsitsa awiri okha.

"Mwadzuka bwanji, mayi?" ndinatero.

"Alhamdulillah, tadzuka. Kaya inu a Kalaliki?"

Ndinafunsa za nsomba zina zija. Anati anazisamutsira kumchenga woyera kufupi ndi bango, kumene madzi sauma. Pofika Lachinayi zinali zitachita mphutsi. Anakumba dzenje n'kuzikwirira, iwo pamodzi ndi amayi ena onse a pamalopo. Anazinena mosakweza mawu, ngati akunena za nyengo.

Ndinaika dengu loyamba pa sikelo. Ndili mkati molemba, anati:

"A Kalaliki, ndikufunseni. Tsiku lija munawauza bwana aja zimene ndinanena?"

"Ndinawauza, mayi."

"Achimwene," anatembenukira kwa mlongo wawo, "tanenani zimene munandiuza."

Che Jafali anakonza chikhoti chawo. "Ine khutu limodzi ndi lakufa, a Kalaliki, koma linali ndi lamoyo. Zaka zinayi ndinalamulidwa m'Chingerezi. Chambiri sindichidziwa, koma liwu loti nsomba ndimalidziwa, loti chonde ndimalidziwa, ndi loti masiku awiri. Mlongo wangayu sananene chonde."

Ndinaona ngati sikelo ija ndakwerapo ndine.

"Ndinkafuna kukutetezani, mayi," ndinatero. "Mawu aja akanakubweretserani mavuto."

"Inunso mwayamba zoteteza?" anatero Abiti Mussa. "Sabata ino otiteteza achuluka. Ine ndikanamangidwa, ndikanamangidwa ndi pakamwa panga. Inu munandibwereka pakamwa panu, n'kundisandutsa wopemphapempha pamaso pa mlendo. Nsombazo zapita, Mulungu adzapereka zina. Koma munthu uja akabwerera kwawo akanena kuti anakumana ndi mayi wina wogwada."

Ndipo ngati kuti tsikulo linapangana nane, nthawi yomweyo galimoto ya mzungu uja inalowa pa siteshoni. Antchito ake anayamba kutsitsa timatumba tansalu, tolemera ngati miyala, tomangidwa bwino, kalikonse ndi kapepala kake. Unali mchenga wakuda uja. Unkapita ku Limbe, kuchoka apo ku Beira, kenaka pa sitima ya pamadzi mpaka ku Mangalande kukapimidwa.

Mzunguyo anandizindikira, nandipatsa moni wansangala. Anandipempha kuti matumbawo alowe m'bogi yotseka, asanyowe.

Ndinayang'ana Abiti Mussa. Anangopinda manja.

Ndinatembenukira kwa mzunguyo n'kunena kuti: "Bwana, Lolemba lija sindinamasulire zoona. Mayiwa sanapemphe masiku awiri. Ndiloleni ndikuuzeni zimene ananena."

Ndinanena zonse. Za abwenzi ogona ndi moto kunsi kwa mphasa, za dothi la pakhomo, mpaka liwu lomaliza lija. Ndinawonjezapo za nsomba zokwiriridwa. Che Jafali anali atatchera khutu lawo lamoyo, akugwedeza mutu pa liwu lililonse limene ankalizindikira.

Ndinkayembekeza kuti akalipa, kapena athamangira kwa bwana wanga. Sanatero. Nkhope yake inafiira kuposa khosi lija. Anavula chipewa, nayang'ana Abiti Mussa, n'kunena kuti za nsombazo sanadziwe, ndipo wamva chisoni. Anati bambo ake anafa ndi bomba limene linagwera nyumba yawo nkhondo ili mkati, ndipo iye amakhulupirira kuti dziko lopanda zida ndi limene limagwetseredwa mabomba. Kenaka anati iye ndi wongopima, sagamula kanthu. Mchengawo ukapezeka wosakwanira, sitidzamuonanso. Ukapezeka wabwino, kudzabwera ena ndi makina, ndipo sadzafuna kamzere kokha kaja ayi. Adzafuna gombe lonse.

Ulendo uno ndinamasulira osapeta.

"Pepani za bambo anu," anatero Abiti Mussa. "Innalillahi. Koma amene anawaphawo nawonso ankati akuteteza kwawo."

Izinso ndinamasulira. Mzunguyo anavala chipewa chake n'kupita kukayang'anira matumba.

Sindikufuna mundiyamikire. Kulimba mtima kobwera nsomba zitakwiriridwa kale n'chimodzimodzi kufolera denga mvula itatha. Mawu aja akananenedwa Lolemba, anthu onse akumva, mwina sakanasintha kanthu, koma akanakhala mawu a mudzi. Loweruka anali mawu a kalaliki wofuna kutsuka nkhope yake. Ndipo mpaka pano sindikudziwa ngati nkhaniyi yafika kwa bwana wanga. Mukadzaona danga lino likulembedwa kuchokera kumudzi kwathu ku Chitala, mudzadziwa kuti inafika.

Ntchito ndi ntchito. Ndinapima matumba aja limodzilimodzi, n'kuwalembera zikalata, n'kuwalowetsa m'bogi yotseka monga anapemphera. Madengu awiri a Abiti Mussa anakwera bogi yapululu pamodzi ndi zikopa, kumwamba kukuchita mdima wa mvula. Ndinapita kukatenga lona wakale m'nyumba ya katundu n'kuwafunditsa ndekha. Mayiwo anandiyang'ana ndikumanga zingwe, koma zikomo sananene, ndipo sindinamuyembekezere.

Sitima itanyamuka tinaima atatu tikuiyang'ana. Ndinawafunsa kuti tsopano achita chiyani.

"Maenje aja tikukwirira tokha," anatero Abiti Mussa. "Adzaza madzi, ndipo mbuzi imodzi yathyokeramo kale mwendo. Mawa tibwezeretsa mathandala."

"Nanga akadzabwera ndi makina aja?"

Amene anayankha ndi Che Jafali. Anati dzulo lake, pa swala ya Ijuma, mapemphero awo a Lachisanu, anthu anapempha a Shehe kuti achite duwa yapadera. Mzikiti unadzaza, ena anachita kukhala panja. Onse anakweza manja kupempha chinthu chimodzi: kuti mchenga uja ukafika ku Mangalande, anzeru akaupeze wachabechabe.

"Inunso Akhristu mawa Lamulungu mutithandize," anatero Abiti Mussa. "Mukapemphe kuti Mulungu atipatse umphawi umenewu."

Ndinalonjeza, ndipo ndinakachitadi. Ndinagwada m'tchalitchi mwathu n'kupempha ndi mtima wonse kuti nthaka ya dziko langa ipezeke yopanda pake.

Tandiuzani, awerengi anzanga: anthu amene afika popempherera zimenezi, akutetezedwa kwa yani?